Kuperekeza Alamu kwa Njovu

Aphunzitsi anaphunzitsa ana za mapiri, mitsinje ndi nkhalango kwa zaka makumi atatu, koma njovu imene anaionapo inali ya pachikuto cha buku basi. Atapuma pantchito anatsimikiza zokazungulira nkhalango zitatu zosungirako nyama pa njinga, ndipo akazi awo anavomera pokhapokha mlongo wawo, wokonza njinga, apite nawo.

Vuto linali limodzi: kwa Aphunzitsi, kupempha kunali ngati kuvula pagulu.

Anawapeza alamu awowo pakhonde la shopu, akumiza chubu m'beseni la madzi kufunafuna pobooka.

"Alamu," anatero Aphunzitsi, uku akuyala mapu pamwamba pa masipanala, "Lolemba ndikunyamuka. Mundiperekeza."

"Palibe chovuta. Mpaka pamphambano paja?"

"Mphambano iti? Taonani. Kuchokera apa, kudzera apa, kukafika apa."

Wokonza njinga anapukutira manja pa ovololo n'kuyeza mapuwo. "Zikhato ziwiri ndi chala. Nanga njinga ya chiyani? Mungotambasula mwendo."

"Chala chimodzi pamenepa ndi ulendo wa masiku awiri."

"Ndiye musamaloze ndi chapakaticho, n'chachitali. Mukachedwa kufika."

Mwana wasukulu woyankha chonchi Aphunzitsi ankamutuma kukasesa bwalo lonse. Koma uyu anali mlamu, ndipo ulendo wonse unali m'manja mwake mwa girisimo.

"Ndikutanthauza kuti njira yake nja minga. Tayala likaphwa pakati pa nkhalango, nditani?"

"Mulibweretse kuno. Ndimatsegula seveni koloko."

"Ndidzakhala kutali, mtunda wa masiku asanu."

"Ndikusungirani chigamba. Alamu anga simungaime pamzere."

"Nanga njati ikanditulukira?"

"Ili ndi njinga?"

"Njati, alamu. Ya nyanga."

"Aa, imeneyo mupite nayo kwa dokotala wa ziweto. Ine zanga n'zamasipoko."

Thovu linatumphuka m'beseni. Wokonza njinga anapanikiza chala pobookapo, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi. Aphunzitsi anayesa kulowera khomo lina.

"Mlongo wanu akuti ulendo wotere umafuna anthu awiri."

"Sakunama. Muwatenge."

"Akuti wachiwiriyo akhale wodziwa sipanala."

"Sipanala amaidziwa bwino. Anandigenda nayo tili ana." Anaweramitsa mutu kuonetsa chipsera.

"Akhale mwamuna. Wachibale. Wokhala ndi shopu."

"Ha, munthu wamwayi ameneyo. Mukampeza mumpatse moni."

Aphunzitsi anayamba kupinda mapu, koma analekezera panjira. Anali atauza kale aphunzitsi anzawo onse za ulendowu. Chihema anali atagula, ndipo m'mawa uliwonse ankapalasa kuzungulira bwalo la mpira mpaka mawondo kulira. Abwerere kunyumba akanene chiyani? Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Alamu, ndikukupemphani. Tipite tonse. Ndekha sandilola. Ndiponso," anatsitsa mawu, "ndikuopa."

Wokonza njinga anasiya chubu, mano onse pamtunda.

"Ndiye mumazunguliranji ngati tcheni? Achemwali anabwera sabata yatha. Anati ndisavomere mpaka mawu oti 'ndikukupemphani' atuluke pakamwa panu. Akuti chikwatirane sanawamvepo, ndikawauze mmene amamvekera."

Manyazi anawagwira Aphunzitsi mpaka m'makutu, koma mtima unakhala pansi. Anavalanso chipewa, mawu a m'kalasi n'kubwerera.

"Chabwino, masewera atha. Lolemba tambala woyamba. Njinga yanu muipope, muithire mafuta."

"Njinga yanga iti?"

"Mwa zonsezi palibe yanu?" Analoza njinga zimene zinatsamira khoma.

"Zonsezi n'za eni ake." Wokonza njinga anasisita kamimba kake, n'kuyang'ana miyendo yowonda ya Aphunzitsi mwachifundo. "Inu mungoika kapilo pakaliyala, alamu, ndipo muzidya kwambiri. Ine njinga ndimangokonza, kupalasa sindinaphunzire."