Mabotolo a Uchi Abwezedwa

Mvula inkawaza chiyambire m'mawa, ndipo anthu odikira kusindikiza mapepala anapanikizana pamzere pakhonde pa shopu ya makompyuta. Bambo wina wogulitsa uchi anaonetsa mayi wa patsogolo pake botolo lomatidwa bakhodi, mizere ija imene makina a m'sitolo amawerenga.

"Kusitolo andibwezera mabotolo onse, mayi. Akuti makina awo sakulira akaloza mizereyi. Ndikalephera mawa, shelefu apatsa wina."

"Munalemba bwanji?"

"Manambala, mmene timalembera kalata pa kompyuta, kenako ndinasankha fonti yowasandutsa mizereyo."

"Tizizindikiro ta nyenyezi tija munaika? Kamodzi koyamba, kena kumapeto. Popanda timeneto makina sadziwa poyambira ndi polekera."

"Ndinaika. Kompyuta inatimeza, manambala n'kunenepa."

"Ikangomeza, dinani pobwezera, itilavula. Nanga m'mbalimu mwameta chonchi bwanji, bambo? Ndevu zimenezi? Mizere imafuna mpata woyera uku ndi uku."

"Mapepala omata ndi odula. Malemu akazi anga ankasiya mpata waukulu, ine ndinkati akuwononga."

"Iwo ankati chiyani?"

"Sankayankha. Ankangondilanda sizasi."

Bamboyo anabweza botolo m'thumba, natuluka pamzere kukapempha kompyuta kuti alembenso.