Nsanza Yanga Inalibe Mlandu

Pamzere wobweza makompyuta kusitolo, bambo wina anacheukira mayi wovala yunifolomu ya okolopa, amene ankangomwetulira.

"Mayi, kusangalala chonchi, yanu sinafe?"

"Yanga ayi, bambo. Zinafa zitatu za ku ofesi. Abwana ankati ndinazipha ndine ndi nsanza yonyowa. Anandiletsa kulowa mu ofesi, chaka chathunthu ndikukolopa pakhonde pokha!"

"Pepani. Komatu opanga avomera okha kuti kachipangizo ka pabolodi yam'katimo kanachoka kufakitale kali kodwala kale."

"Kalata yawoyo ndinachita kuwawerengetsa abwanawo kawiri, mokweza. Akuti atisinthira bolodi yonse."

"Nanga makompyutawo ali kuti? Mwabweratu chimanjamanja."

"Mukuwaona a tayi akubwera apowo, atasenza bokosi, thukuta lili kamukamu? Ndiwo abwanawo. Ine ndangowasungira malo."