Iwe Mdala, Kweza Mawu

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Chifunga, ku Neno. Matipate atangoyamba ndinapita ku yunivesite, komwe tinali ndi aphunzitsi ena achikulire oyankhula motsitsa kwambiri.

Tsiku lina m'kalasi mnyamata wina anakuwa kuti, "Iwe mdala, kweza mawu! Ino ndi demokalase!"

Kwathu munthu wamkulu sitimunena kuti iwe.

Aphunzitsiwo anaika choko pansi n'kumasula batani la kolala. Pakhosi pawo panali chipsera chachikulu.

"Pepani, ana anga," anatero. "Mawu anga anatsalira kundende. Anandimanga chifukwa ndinkauza ophunzira kuti azifunsa mafunso momasuka."

Mnyamatayo anangowerama. Ine misozi inalengeza. Mawa lake tonse tinalimbirana mipando yakutsogolo, kuti bambowo asamavutike kukweza mawu.