Mphamvu Yofooka Kuposa Zonse

Pabenchi ya pachipatala, mayi wina anafungatira khanda lake, khutu lili kwa abambo awiri osadziwana.

"Mwabwera ndi ndani, bambo?"

"Mwana wanga. Wagwa padenga, mpaka pano sanatsegule maso."

"Pepani. Dzikoli limakoka mwankhanza."

"Ayi achimwene, ine kusukulu ndimaphunzitsa kuti mphamvu yokokera pansiyo ndiye yofooka kuposa zonse. Kamaginito kakang'ono kamanyamula msomali, dziko lonseli n'kulephera kukalanda."

"Ndiye yofookayo n'kuvulaza mwana chonchi?"

"Iyo inangomutsitsa. Yamuphwanya mutu ndi inzake ya maginitoyo, imene imagwirizitsa simenti imene wagwerapoyo kuti ikhale gwa."

"Taonani, adokotala atuluka. Akukodola inu, koma nkhope yawoyo..."

"Ndawaona kale. Tandigwirani dzanja, achimwene, tipite limodzi."