Kachitsulo Kofiira ka m'Kombi ya a Gervásio

Ine, Rosária Augusto, wa zaka 47, wobadwira ku Chidzolomondo koma wokhala m'mudzi wa Kamphulusa kuno ku Tsangano, mlimi wa mbatatesi, ndikupereka umboni uwu pa nkhani ya mkamwini wanga, a Nicolau Paulino. Akusungidwa pano papolisi powaganizira kuti anapha dala galimoto yathu tsiku limene anthu a mfuti analowa m'mudzi, mwezi wa Julyo chaka chino cha 1986.

Galimotoyo inali kombi yobiriwira. Malemu amuna anga, a Gervásio, anaipeza ku Furancungo chaka cha ufulu, kwa mzungu woyeza misewu amene ankabwerera kwawo. M'kati mwake munali bedi, kakabati, makatani a maluwa, ndi kabulangete ka magetsi kamene sitinakafundepo chifukwa kwathu kulibe magetsi. Tinkagona momwemo tikapita kukagulitsa mbatatesi ku Tete. Cecília, mwana wathu mmodzi yekhayo, anaphunzirira kuwerenga pa bedi limenelo. A Gervásio anandiphunzitsa kuliza motoro, koma kuyendetsa ayi. Ankati ndikadziwa ndidzawathawa. Atamwalira, kombi inakhala m'manja mwa a Nicolau, amene anagwirapo ntchito ya magetsi ku Songo asanakwatire Cecília.

Nkhondo itayandikira, sekeletariyo wa mudzi, a Damião, anapangana nafe kuti kombi iziima pamtsetse wa kutchalitchi, itayang'ana njira ya kumalire a Malawi, kuti ikakana kulira tizingoikankha. Zinthu zikavuta inkayenera kunyamula anthu osatha kuyenda. Mmodzi wa iwo anali mayi awo a a Damião, a Helena, amene miyendo yawo inafa kalekale.

Kumayambiriro kwa Julyo, Cecília anabereka mwana wamkazi mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anamuthandiza ndi azamba a m'mudzi, a Adelaide. Mwanayo ankakwana m'zikhato zanga ziwiri. Kuchipatala kunali kosapitika chifukwa cha mabomba a mumsewu. A Adelaide anati mkaka ulipo, mpweya ulipo, chimene chingamutenge ndi mphepo.

Masana omwewo a Nicolau anatulutsa m'bokosi lawo chipangizo chimene amachitcha invesoro. Ndi kabokosi kachitsulo kotuwa, kukula kwake ngati njerwa ziwiri, kamene kamasandutsa moto wa bateriya kukhala magetsi a m'nyumba. Anakamangirira pansi pa bedi. Anakatenga bateriya ya thirakitala yakufa ya m'mudzi, naiika pambali pake, nalumikiza ndi mawaya onenepa. Pakati pa bateriya imeneyo ndi bateriya ya galimoto anaikapo kachitsulo kokweza ndi kutsitsa, ndipo anakapaka utoto wa m'zikhadabo wa Cecília, wofiira. Atayatsa, invesoro inayamba kulira pang'onopang'ono ngati njuchi ili m'botolo. Anaika kabulangete patsaya lawo kwa kanthawi, kenako anati katentha bwino.

Pondifotokozera sanandiyang'ane, monga mwa ulemu wa mkamwini kwa apongozi. Analankhula atagwada, maso ali pa tayala. Anati: "Amayi, motoro ukamalira, chofiirachi muzichitsitsa kuti mabateriya onse adye. Motoro ukazima, chikwezeni. Mukachisiya pansi, kabulangete kayamwa ndi bateriya ya galimoto yomwe, ndiye tikadzaifuna siidzuka."

A Adelaide anati: "Tayala lamva, bambo. Nanga apongozi anuwa muwauza liti?" Tonse tinaseka, ndi Cecília yemwe.

Tinalowetsa Cecília ndi mwana m'kombi, ndipo kuyambira pamenepo inasanduka chikuta. Kwathu mwamuna salowa m'chikuta, ngakhale bambo wa mwana, mpaka mchombo utagwa. A Adelaide anati chikuta sichikhala pamsewu pamene amuna amadutsa. Ife amayi tinaikankha kuichotsa pamtsetse mpaka kuseri kwa khola la ng'ombe, pachidikha pamene mphepo siifika. A Nicolau anati: "Pamenepo siingagubuduke." A Adelaide anati: "Ndi masiku ochepa. Mchombo ukangogwa tiibweza." A Nicolau sanatsutse. A Damião anadutsa madzulo ake, anaiona, ndipo anati za kuchikuta iwo salowerera.

Masiku otsatira ndinkaliza motoro ndine, m'mawa ndi masana, ndi kutsitsa kachitsulo, ndi kukakweza motoro ukazima. A Nicolau ankaima kunja, kumbuyo kumene kuli motoro, n'kumalankhula ndi Cecília katani ili yotseka. Tsiku lina ndinawamva akufunsa kuti: "Akufanana ndi ndani?" Cecília anati: "Ndi kambewa." Iwo anati: "Nenani zoona." Iye anati: "Mphuno ndi yanu. Pepani, palibe chimene tingachite."

Gazolina ya m'thanki la kombi inayamba kuchepa. A Nicolau anayeza ndi kamtengo, nanena kuti yotsalayo ndi yofikira kumalire basi, motoro usalizidwenso. Lachitatu m'mawa ananyamula thumba la mbatatesi pamutu n'kuyenda wapansi kupita ku boma la Tsangano kukasinthanitsa ndi gazolina. Thumbalo ndinawasenzetsa ndine. Ulendo umenewu ndi umene a Damião akuti anapita kukaonana ndi anthu a mfuti.

Atachoka kunagwa chisanu. Madzi a m'ndowa anaundana pamwamba ndipo masamba a mbatatesi anapsa. Kabulangete tinkakayatsa pang'ono n'kuzimitsa, koma Lachinayi dzuwa litapendeka bateriya ya thirakitala inatha. Invesoro inasiya kulira. Tinayesa mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsalu. Cecília anali ndi malungo, ankanjenjemera, ndipo magazi anali asanasiye. Mwana anasiya kuyamwa, milomo yake inada.

Ndinatuluka kukatenthetsa madzi ena. Pobwerera, ndisanatsegule chitseko, ndinamva njuchi ija ikuliranso. Ndinalowa, ndinasuzumira pansi pa bedi, ndinapeza kachitsulo kofiira kali pansi.

Ndinafunsa kuti: "Watsitsa ndani?"

Cecília anati: "Ndine, amayi."

Ndinati: "Amuna ako anati chiyani?"

Anati: "Ndinamva zimene ananena. Koma iwo sanamugwire mapazi. Tamugwirani inu."

Ndinamugwira. Anali ngati khasu logona panja. Kachitsuloko sindinakakweze. A Adelaide analipo, ndipo nawonso sanakakweze. Dzuwa lisanalowe mwana anayambanso kuyamwa. Cecília anati: "Mawa bambo ake abwera ndi gazolina, tidzawauza motoro ukulira kale." Invesoro inalira mpaka inaleka yokha.

Lachisanu dzuwa litangotuluka a Nicolau anafika ndi chigubu cha gazolina paphewa. Asanamalize kuthira, mfuti zinalira cha kusukulu. Anthu anathamangira kukhola kwathu. A Damião ndi mng'ono wawo anabwera atanyamula a Helena pa chitseko.

A Nicolau anatsegula kombi nalowa. A Adelaide sanawaletse. Anapotokola kiyi. Motoro unangoti thi kamodzi, n'kukhala chete. Anayesanso, osamveka kanthu. Anabwerera kumbuyo, anagwada, anayang'ana pansi pa bedi. Kenako anayang'ana Cecília. Cecília anangovundukula nsalu n'kuwaonetsa mwana. Aka kanali koyamba kumuona. A Nicolau anati: "Mphuno ndi yangadi." Anakweza kachitsulo ndi dzanja lawo, anatuluka, nati: "Tiyeni tikankhe."

Tinakankha tonse amene tinalipo. Malowo ndi athyathyathya ndipo ndi odzaza ndowe. Kombi inayenda kutalika kwa khola, n'kuima. Tinayesa kachiwiri, matayala anamira. A Damião anagwira a Nicolau pamalaya nati: "Wachita dala iwe. Masiku awiri onsewa unali kuti?"

Mfuti zinayandikira, anthu anabalalika. Cecília anandiika mwana pachifuwa, m'kati mwa bulauzi, namanga ndi chitenje chake. Anati: "Tsogolani, amayi, musatidikire." A Nicolau anamubereka kumsana. A Damião ndi mng'ono wawo analowetsa a Helena m'nkhokwe yathu, nawaphimba ndi mapesi, chifukwa chitseko chinali chosathamanga nacho.

Ine ndinadutsa m'minda ndi a Adelaide mpaka kumtsinje wa kufupi ndi malire. Tinadikira pamenepo. A Nicolau anafika dzuwa lili paliwombo, Cecília akadali kumsana kwawo. Malaya awo anali atanyowa magazi kuyambira m'chiuno kutsika. Panalibe bala la mfuti. A Adelaide anagwira Cecília pakhosi nati amutsitse. A Nicolau anati: "Tifike kaye tsidya." A Adelaide anati: "Bambo, mutsitseni, wafika kale." Tinamuika tsidya la mtsinje, pansi pa mtengo wa msuku. Manda anakumba a Nicolau okha ndi khasu lobwereka.

Titabwerera m'mudzi Lamlungu, tinapeza nkhokwe yathu itapsa pamodzi ndi a Helena. Kombi nayonso inapsa. A Damião anabwera kudzadandaula kuno, ndipo a Nicolau anatengedwa ali pamaliro a a Helena. Ndamva kwa apolisi kuti akafunsidwa za bateriya amangoyankha kuti: "Mawaya ndinalumikiza ndine."

Dzulo munandilola kuwaona. Atandiona anatembenukira kukhoma, nagwada. Ndinawauza kuti ndabwera kudzanena za kachitsulo.

Anati: "Amayi, musiyeni Cecília agone. A Damião ataya mayi, akufuna dzina loti azilitchula. Likhale langa. La Cecília lisamayende m'kamwa mwa anthu."

Ndinati: "Cecília ndinabala ndine. Dzina lake ndikanalibisa ndine. Iye wagona kale, amene sanagone ndi uyu."

Ndinamasula chitenje kuti amuone mwanayo. Sanatembenuke, koma anatambasulira dzanja kumbuyo, ndipo ndinaika phazi la mwana m'chikhato chawo. Anati: "Latentha."

Choncho ndikunena kuti invesoro anaika ndi a Nicolau, ndipo inagwira ntchito monga ananenera. Kombi tinaichotsa pamtsetse ndife amayi, chifukwa cha chikuta. Kachitsulo kofiira anatsitsa ndi mwana wanga Cecília Gervásio, Lachinayi, a Nicolau ali ku Tsangano ndi thumba la mbatatesi. A Adelaide ali panja, mukhoza kuwafunsa.

Mwanayo ndi amene ndili naye pachifuwa pano. Mchombo unagwa Lamlungu lomwe lija. Kwathu mwana woyamba dzina limachokera kwa bambo wake. Mpaka lero tikumutchula kuti uyu.

Ndi zomwe ndikudziwa. Andiwerengera, ndipo ndi mmene ndanenera.

Wopereka umboni: Rosária Augusto ______________

Wolemba: wapolisi Octávio Abel ______________