Lole Yotseka Pageti

Pamzere wa ku ofesi ya khonsolo, bambo wina wonyamula kalata anayamba kudandaulira mayi amene anali kutsogolo kwake.

"Mayi, ndatopa ine. Chikwangwani choletsa kuimika galimoto chilipo mumsewu mwathu, koma malole atatu amakhalira kutseka pageti panga. Potuluka ndimachita kuyenda chammbali ngati nkhanu."

"Akhonsolo akuti chiyani?"

"Akuti abwera. Chaka chatha chimenecho."

"Inenso zinandionekerapo, bambo. Lole inkatseka pageti mpaka njinga kusowa podutsa. Ine miyendo imavuta, ndiye m'mawa uliwonse ndinkatuma mwana wanga wamkazi kuti akamukalipire dalaivalayo."

"Anamva?"

"Poyamba mtsikanayo ankabwerako msanga, atakwiya. Kenako kukalipa kuja kunayamba kutenga ola lathunthu. Tsiku lina ndinamupeza akudzola mafuta onunkhira popita kokakalipa."

"Aaa! Ndiye loleyo inachoka?"

"Ichoke ipite kuti? Ndi ya mkamwini wanga tsopano! Kuchipatala amandiperekeza pa yomweyo, ine nditakhala kutsogolo ngati bwana."

Bamboyo anaseka mpaka kalata ija kugwa. Mayiyo anamutolera, n'kufunsa:

"Inu ana aakazi muli nawo angati?"

"Atatu."

"Malole atatu, ana atatu. Mukutayiranji nthawi pamzere pano? Pitani mukasoketse suti!"