Wosoka Mipira Yosaoneka ndi Maso

Abale ndi alongo, apongozi athu, anansi, ndi inu akuntchito amene mwakhala kumbuyoko, ndibwerekeni makutu pang'ono. Amene agona apawa ndi mwana wa mlongo wanga. Kuntchito munkawatchula a Dokotala, koma kunyumba anali a Nangabwanji. Ine ndine malume awo, wosoka nsapato ndi mipira. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiye ndalemba momwe ndikukumbukirira. Pomwe ndaphonya mukonze chamumtima.

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1979, achiwiri m'banja la ana anayi. Bambo awo atamwalira mu 1984, mlongo wanga anabwera ndi ana kudzakhala kwa ine, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu. Dzina lija linayambira pamenepo. Ukati guluu sanunkhiza, iwo, "Nanga bwanji?" Ukati nsapato yakumanzere siivalidwa kumanja, "Nanga bwanji?" Amayi awo ankati mwana uyu adzatiumitsa malovu.

Anayamba pulayimale mu 1985, sekondale mu 1993, yunivesite mu 1997. Mu 2006 anakwatiwa ndi aphunzitsi a masamu, awo agwira chipewawo. Anthu awiri odziwa manambala, koma mchere wokha unkawakanika kuyeza. Amene munadyako kwawo mukudziwa.

Mu 2009 tinamva kuti alandira udokotala. Ine ndinanyamuka ndi bondo langa lomwe limandivutali, n'kukwinya buluku pamaso pawo. Anaseka mpaka misozi. "Amalume, ine si dokotala wa mawondo." Ndinabwerera nalo bondo langa momwemo, ndipo ndinakhala chaka ndikuuza anthu kuti mwana waphunzira udokotala wosachiza.

Mu 2012 anayamba ntchito yomwe agwira mpaka pano, ndipo ananditenga kuti ndikaone. Chipinda chozizira ngati mufiriji, makina akulira ngati njuchi, mawaya pansi ponse, patebulo makapu atatu a tiyi woiwalika. Anandikhazika pampando wozungulira n'kundifotokozera. Akuti thupi lathuli linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo lilibe pakamwa. Likafuna kulowetsa chakudya, khungu lake limabonyokera mkati ngati kathumba. Ndiye pamabwera timapuloteni ta miyendo itatu, timagwirana miyendo, n'kuluka kachovala kuzungulira kathumbako mpaka katatseka ngati mpira. Zimenezi n'zazing'ono kwambiri, zimachitikanso mofulumira, moti kuziona bwino n'kovuta. Ntchito ya malemu inali kumanga timiyendoto pa kompyuta, kutipatsa malamulo, n'kutisiya kuti tione ngati tiluke tokha. Ndinati, "Ndiye kuti nanunso ndinu osoka mipira?" Anati, "Eya, koma yanga siioneka." Ndinati, "Ndiye makasitomala anu sadandaula."

Kuyambira 2017 anayamba kumanga kachovala kathunthu, ndipo kanawavuta zaka zisanu ndi chimodzi. Timiyendo tinkagwirana bwinobwino, kufika theka, n'kuuma pomwepo ngati mbale. Kutseka ayi.

Mu Juni 2023 anawapeza ndi khansa, ndipo madokotala, enieni a mawondo aja, sanatibisire kuti miyezi yatsala yochepa. Ife tinkalira. Iwo anati, "Amalume, kufa aliyense adzafa. Koma ine ndipite kachovala kanga kali chiyasamire? Ndikufuna ndikaone katatseka, ndi maso angawa."

Mu Ogasiti chaka chomwecho anabwera kushopu masana, ataonda, n'kukhala pabenchi la makasitomala. Ndinali ndi mpira m'manja, ndikumasula zigamba zitatu zomwe ndinali nditasoka kale. Ndinangomva, "Nanga bwanji mukumasula?" Ndinati, "Mayi, mpira susokedwa ulendo umodzi. Ukamangitsa ulusi poyamba, pomaliza zigamba sizikumana. Umasoka molekerera. Pena umamasula, chigamba ichi uchotse, uikepo china. Wosoka wokana kumasula samaliza mpira." Anandiyang'ana m'manja. Kenako anati, "Ine tanga tija ndinatimangitsa. Tikagwirana sititayana msanga." Anadzuka osatsanzika, chikwama anachisiya pabenchi pomwepo.

Tsono vuto linali nthawi. Makina aakulu aja sagwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi, pamakhala mzere ngati kuchipatala, ndipo kuyesa kumodzi kumadya masabata ambiri. Apa ndiye ndikuthokozeni inu akumbuyoko. Ndinamva kuti munapereka malo anu pamzere, mmodzimmodzi, ntchito zanu n'kuima, kuti za mnzanu zidutse.

Mu Novembala zotsatira zinatuluka. Timiyendo tonse tinabalalika, osagwirana n'komwe. Anandiimbira foni. "Amalume, mwandinamiza!" Ndinati, "Ndinati molekerera, sindinati osasoka ayi." Anamangitsako pang'ono n'kuyambiranso.

Pa 15 Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Aliyense wolowa pakhomo, asanapereke n'komwe moni, ankafunsidwa, "Katseka?" Anamwino mpaka anazolowera. Akabwera ndi jakisoni ankayamba okha, "Sikanatseke, mayi, tembenukani."

Lachinayi pa 8 Febuluwale, dzuwa lili pamutu, ndinali pambali pa bedi ndikuwasendera lalanje lomwe sakanadya. Tinamva munthu akuthamanga m'khonde. Anali mnzawo wa kuntchito, a Ndevu awo akubisala kuseri kwa anzawowo, laputopu ili kukhwapa, thukuta kamukamu. Anangoika pamiyendo pa malemu n'kudina. Amuna a malemu anawadzutsa n'kuwatsamiritsa papilo. Tinaona timiyendo tikubwera, kugwirana, ena kutayana, ena kulowa m'malo. Kachovala kanapindika, kanafika theka, pomwe kankaumira paja. Ine lalanje linagwa. Kanapitirira. Kabowo kanachepa, kanachepa, n'kutseka.

Kenako malemu anati, "Bwerezani." Anabwereza. "Bwerezaninso." Kanayi konse. Atakhuta anatembenukira kwa ine, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Amalume, uwu ndiye mpira. Yanu ija imaphwa." Ndinati, "Koma yanga imamenyeka." Anaseka mpaka kutsokomola, anamwino n'kutitulutsa tonse ngati ana osokosa.

Anatisiya Lamlungu m'mawa pa 11 Febuluwale 2024, ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Chimene ankafuna kuona anachiona.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi wamwamuna wa zaka khumi ndi chimodzi, amayi awo, mkulu wawo, alongo awo awiri, ndi ine. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino chifukwa chotipirira, anansi amene mwatisunga masiku atatuwa, ndi apongozi athu amene simunachoke pambali pathu. Mzimu wawo uuse mumtendere, wagwira ntchito.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo likupita kwa inu akuntchito. Mwamva nokha momwe ndafotokozera ntchito ya mwana wathu. Pamenepo ndi pomwe nzeru zanga zalekezera, ndipo pabanja pano wodziwa kuposa apa palibe. Anawa akukula, adzafuna kudziwa chimene amayi awo ankachita m'chipinda chozizira chija. Kakanema kaja kasathere m'makina mwanu. Muzibwera nako kunyumba, chaka chino, chaka chamawa, ngakhale ine nditapita. Muziwakhazika pansi, muziwaonetsa, muziwauza kuti ankaseka bwanji zikakanika. Ndipo akati bwerezani, muzibwereza.